Chingwe cha Aikenhead ndi Mpando wa Hume: Edinburgh ndi Anthu Ake Okayika

Masana a pa 8 Januwale 1697, asilikali anatulutsa mnyamata wa zaka 20 m'ndende ya Tolbooth, pakatikati pa mzinda wa Edinburgh ku Scotland, n'kutsetsereka naye mumsewu wopita kudoko la Leith. Atafika pamalo otchedwa Gallowlee anamunyonga, mtembo wake n'kuufotsera pomwepo, patsinde pa mtengo wonyongerapowo. Mnyamatayo anali Thomas Aikenhead, mwana wamasiye, wophunzira wa pa yunivesite ya mumzindamo. Sanabe kanthu, sanakhetse mwazi wa munthu. Chinamuphetsa ndi pakamwa.

Kwa nthawi ndithu Aikenhead ankayankhula motumbwa akakhala pakati pa anzake. Malinga ndi chikalata cha mlandu wake, ankati maphunziro a zaumulungu ndi nkhambakamwa chabe, Chipangano Chakale ndi nthano zimene anapeka Ezara, ndipo chiphunzitso cha Utatu Woyera n'chosayenera n'kutaya nacho nthawi komwe. Mose ankamutcha wamatsenga, Muhammad ankamuika pamwamba pa Khristu, ndipo analosera kuti pofika 1800 Chikhristu chidzakhala chitazimirira. Tsiku lina kukuzizira ananena mwanthabwala kuti akanakonda akanakhala kugehena, akaotheko moto. Nthabwalayo nayo inalowa m'chikalata. Amene anadzaima ngati mboni anali anzake asanu a kusukulu, ndipo mmodzi wa iwo, Mungo Craig, anafika posindikiza kabuku komunyoza. Aikenhead anafa akunena kuti Craig yemweyo anali m'gulu lokamba nkhanizo mofanana ndi iye.

Malamulo okhudza kuchitira mwano Mulungu analipo awiri. La 1661 linkati wonyoza Mulungu aphedwe. La 1695 linali lofewerapo: koyamba wolakwa azitsekeredwa ndi kuvekedwa chiguduli pamaso pa mpingo, kachiwiri azilipira chindapusa, imfa izibwera kachitatu. Kwa Aikenhead aka kanali koyamba, koma loya wamkulu wa boma, Sir James Stewart, anaumirira chilango cha imfa. Mnyamatayo analibe loya womuyankhulira. Khoti linagamula Khirisimasi itatsala pang'ono, ndipo pempho lake loti amuchitire chifundo linakafika ku bwalo la alangizi a mfumu. Kumeneko anati angamuleke ngati mpingo ungamupepesere. Msonkhano Waukulu wa Mpingo wa Scotland unali uli mkati mumzinda momwemo masiku amenewo. Sunapepese. M'malo mwake unapempha boma kuti likhwimitse malamulo pothana ndi kusaopa Mulungu kumene akuti kunali kutafala m'dziko.

Nkhanza imeneyi ili ndi mizu yake. Mpingo wa Chipresibiteriyani unali utangobwezeredwa mphamvu mu 1690, pambuyo pa zaka zambiri za chizunzo, ndipo unali ndi mantha a munthu amene wangopulumuka. M'zaka zomwezo mbewu zinkakanika chaka ndi chaka, njala n'kupulula anthu m'midzi. Abusa ambiri ankaona njalayo ngati mkwiyo wa Mulungu pa dziko lolekerera machimo. Miyezi yochepa Aikenhead atanyongedwa, anthu angapo anaphedwa ndi kutenthedwa ku Paisley pa mlandu wa ufiti.

Chimene chimaiwalika kawirikawiri n'chakuti Aikenhead sanafe akudzitcha wosakhulupirira Mulungu. M'makalata ake opempha chifundo anavomereza Utatu Woyera ndi Malembo, n'kunena kuti zoyankhula zakezo zinali za ubwana ndi za mabuku amene ankawerenga. M'pepala limene analemba tsiku la imfa yake anafotokoza kuti kuyambira ali wamng'ono anali ndi ludzu lofuna choonadi, ndipo ankafunafuna maziko olimba oti aimikepo chikhulupiriro chake. Akuti anakwera pamakwerero atagwira Baibulo. Kaya kulapa kwakeko kunali kochokera pansi pa mtima kaya kunali kwa mantha, oweruza sanakulabadire. Ndiwo amene anali ndi mphamvu yonena kuti munthu uyu ndi Mkhristu kapena ayi, osati mwini wake. Iye ndiye anakhala munthu womaliza kuphedwa pa mlandu wochitira mwano Mulungu m'dziko lonse la Britain.

Patapita zaka 14, mu 1711, mumzinda womwewo munabadwa David Hume. Anakulira pamunda wa makolo ake ku Ninewells, kufupi ndi malire a England, m'banja lopemphera. Mwini wake atakalamba anafotokoza kuti ali mwana ankatenga mndandanda wa machimo wa m'buku lina lachipembedzo n'kumadziyesa nawo limodzilimodzi. Chinamugwedeza si mabuku a anthu onyoza Mulungu ayi. Ananena kuti chikhulupiriro chake chinayamba kutha atawerenga John Locke ndi Samuel Clarke, anthu awiri amene analemba pofuna kusonyeza ndi mfundo za nzeru kuti Mulungu aliko. Mnyamatayo anaziyesa mfundozo n'kuona kuti sizikukwanira kusenza katundu amene anazisenzetsa.

Buku lake loyamba, A Treatise of Human Nature, analilemba ku France, m'tauni ya La Flèche, komwe ankabwereka mabuku ndi kucheza ndi ansembe Achijezuiti. Linatuluka mu 1739 ndi 1740, ndipo silinagulidwe kwenikweni. Koma muli funso limene mpaka lero afilosofi sanamalize kulimbana nalo. Tikati chinthu ichi chachititsa icho, kodi taona chiyani? Taona mphika uli pamoto, kenako taona madzi akuwira. Taziona kambirimbiri, mpaka maganizo athu azolowera kuyembekezera chachiwiri akaona choyamba. Mphamvu yeniyeni yomangirira ziwirizo palibe anaiona ndi maso. Hume anati zambiri zimene timazitcha kudziwa ndi chizolowezi, ndipo chizolowezicho n'chothandiza, moyo sungayende popanda icho, koma chili ndi malire. Chimagwira ntchito pa zinthu zimene taziona zikubwerezabwereza.

Apa m'pamene panagona vuto kwa abusa. Umboni wotchuka wa kukhalapo kwa Mulungu m'masiku amenewo unkati dziko n'lokonzeka bwino, tsono payenera kukhala wolikonza, monga nyumba imasonyeza kuti panali mmisiri. Hume anayankha kuti nyumba taziona zikumangidwa, n'chifukwa chake tikaona nyumba timadziwa za mmisiri. Nanga ndani anaonapo maiko akulengedwa kuti ayerekeze? Pa za zozizwitsa, m'nkhani imene anaisindikiza mu 1748, anati munthu wanzeru aziyeza mbali ziwiri: kodi chapafupi n'chiti, kuti chilengedwe chasiya njira yake ya masiku onse, kapena kuti mboni yanama kapena yanamizidwa? Ganizo limeneli, malinga ndi kalata yake ina, linamubwerera akucheza ndi wansembe wa ku La Flèche amene ankamusimbira za chozizwitsa chimene akuti chinachitika m'nyumba yawo. Wansembeyo atamva yankho la Hume anati sizingakhale zoona, chifukwa mfundo yomweyo ingagwetsenso zozizwitsa za m'Mauthenga Abwino. Hume sanapitirize mkanganowo.

Mu 1745 mpando wa pulofesa wa filosofi ya makhalidwe unali wopanda munthu pa yunivesite ya Edinburgh, ndipo Hume anaufuna. Ntchitoyo inkaphatikizapo kuphunzitsa za Mulungu ndi za mzimu wa munthu. Mkulu wa yunivesite, M'busa William Wishart, anamutsutsa, ndipo mumzinda munazungulira pepala la ziganizo zotoledwa m'buku lake pofuna kusonyeza kuti amakana Mulungu. Hume anayankha ndi kabuku kokana mlanduwo, n'kunena kuti kukayika mfundo imodzi yotsimikizira Mulungu si kukana Mulungu. Khonsolo ya mzinda inafunsa maganizo a abusa, ndipo 12 mwa abusa 15 anati asapatsidwe. Mpandowo unapita kwa William Cleghorn, amene lero amakumbukiridwa ndi chinthu chimodzi chokha, choti ndiye anapambana Hume. Ku Glasgow nakonso anamukana patapita zaka zochepa. Wafilosofi wamkulu koposa amene Scotland inabala sanaphunzitsepo pa yunivesite iliyonse. Anakhala woyang'anira laibulale ya maloya mu 1752, ndipo m'mabuku a m'menemo ndi momwe analembera mbiri ya England ya mavoliyumu 6, imene inamulemeretsa.

Kumanidwa ntchito n'kowawa, koma si chingwe. Pakati pa 1697 ndi 1745 panali patasintha zambiri: Scotland inali italumikizana ndi England mu 1707, bwalo la alangizi a mfumu la ku Edinburgh linali litathetsedwa, ndipo m'mpingo momwemo munali mutakula mbadwo wa abusa okonda mabuku, amene ankatchedwa a Moderate.

Mbadwo umenewu unayesedwa mu 1755 ndi 1756. Gulu la abusa okhwimitsa zinthu, lolimbikitsidwa ndi m'busa wokalamba George Anderson, linafuna kuti Msonkhano Waukulu uitane Hume, umufunse, ndipo umudule mu mpingo. Pamodzi naye ankafunanso woweruza Lord Kames, yemwe anali mkulu wa mpingo. Amene anaimirira kutchinga anali abusa anzawo: William Robertson, Hugh Blair, Alexander Carlyle ndi ena. Mfundo yawo inali yochenjera. Anati mwambo wa mpingo ndi wa anthu a mumpingo. Ngati Hume alidi monga mukunenera, ndiye kuti ali kunja kale, tsono mumudula bwanji munthu amene sali m'kaundula wanu? Anawonjeza kuti kumuzenga mlandu kungakakamize msonkhano wonse kukambirana mafunso ozama amene avutitsa anthu anzeru kuyambira kale, ndiponso kungachititse mabuku akewo kugulidwa kwambiri. Komiti inavota, 50 kwa 17, kuti nkhaniyo isapitirire.

Abusawa sanachite izi chifukwa chogwirizana ndi maganizo a Hume. Ankadya naye, ankawerengerana zolemba, ndipo ankadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sanalakwitse: chaka chotsatira Carlyle anazengedwa mlandu ndi mpingo chifukwa chokaonera sewero lotchedwa Douglas, ndipo amene analemba seweroli, M'busa John Home, anatula pansi ubusa. Ubwenzi wawo ndi Hume unali ndi malamulo akeake. M'kalata ina Hume anapempha Blair kuti nkhani za chipembedzo azizisiya akakumana, popeza zinkangowatopetsa ndi kuwakwiyitsa onse awiri. Blair anapitiriza kulalikira m'tchalitchi chachikulu cha St Giles, Hume anapitiriza kulemba, ndipo anakhala mabwenzi mpaka imfa.

Chodabwitsa n'chakuti munthu amene kwawo ankamunena kuti sakhulupirira kanthu, ku Paris anakamuona ngati wokhulupirira mopitirira. Anapita kumeneko mu 1763 ngati mlembi wa kazembe wa Britain, Lord Hertford. Wafilosofi wa ku France Denis Diderot anasimba m'kalata kuti tsiku lina pachakudya kunyumba kwa Baron d'Holbach, Hume ananena kuti sanakumanepo ndi munthu wokaniratu kuti kulibe Mulungu. Mwini nyumba anamuuza kuti awerenge anthu amene anali patebulopo. Analipo 18. D'Holbach anati 15 mwa iwo ndi otero, atatu otsalawo sanaganize bwino. Hume sanalowe m'gulu lawo. Kwa iye, kunena motsimikiza kuti kulibe Mulungu kunali kulumpha malire omwewo amene ankadzudzula nawo abusa. Ngati nzeru za munthu sizingafike kuseri kwa chilengedwe kukatsimikiza kuti kuli Mlengi wotere ndi wotere, sizingafikenso kukatsimikiza kuti kulibe kanthu.

Atabwerera ku Edinburgh anamanga nyumba m'dera latsopano la mzinda, ndipo anthu ankasimba za iye nkhani zoseketsa. Ina imati tsiku lina, pokhala munthu wonenepa, anatitimira m'matope a dambo lolekanitsa mzinda wakale ndi watsopano, ndipo mayi wina wogulitsa nsomba anakana kumuvuula mpaka atanena Pemphero la Ambuye. Akuti analinena bwinobwino. Ina imati mtsikana wina analemba ndi choko pakhoma la nyumba yake dzina loti msewu wa David Woyera, pomuseka. Nkhanizi mwina zinakometseredwa pozisimba, koma msewuwo mpaka lero ndi St David Street.

Imfa yake inakhala nkhani ya mzinda wonse. Mu 1776 matenda a m'mimba anamufooketsa, ndipo ambiri ankadikira kuti aone ngati alape. Pa 7 Julaye James Boswell, loya wopemphera koma wamantha kwambiri ndi imfa, anapita kukamuona n'kumufunsa ngati sakuopa kutheratu. Hume anayankha modekha kuti kusakhalapo pambuyo pa imfa sikumuvutitsa, monga momwe sikumuvutitsira kuti asanabadwe kunalibe. Boswell anachoka atasokonezeka, ndipo nkhaniyo inamuzunza zaka zambiri. Hume anamwalira pa 25 Ogasiti. Anamuika pa phiri la Calton, ndipo kwa masiku angapo alonda ankagona kumandako kuopa kuti anthu angafukule mtembo. Mnzake Adam Smith, katswiri wa zachuma uja, analemba kalata yoyamikira khalidwe la malemuyo ndi mtendere umene anafa nawo. Smith anadzadandaula pambuyo pake kuti kapepala kameneko kanamubweretsera chipongwe chochuluka kakhumi kuposa buku lake lonse lodzudzula kayendetsedwe ka malonda a Britain. Chimene chinapweteka anthu sichinali mfundo za Hume. Chinali chakuti munthu wopanda chiyembekezo cha kumwamba angakhale wabwino ndi kufa mosatekeseka.

Smith yemweyo anazengereza kusindikiza buku limene Hume anasiya, Dialogues concerning Natural Religion, moti analitulutsa ndi mwana wa mbale wake wa Hume mu 1779. M'bukumo anthu atatu akukangana za Mulungu, ndipo wolembayo sanena poyera kuti iye ndi uti. Wokayika wa m'bukumo, Philo, atagwetsa pafupifupi mfundo zonse, amavomereza kumapeto kuti mwina gwero la dongosolo la chilengedwe likufanako patalipatali ndi nzeru za munthu, koma kuti zimenezi sizitiuza kanthu za momwe tingakhalire kapena kupembedzera. Akatswiri akhala akukangana kuyambira pamenepo ngati uku kunali kuvomereza kwenikweni kapena kudziteteza.

Mzindawo sunasinthe tsiku limodzi. Malamulo aja a 1661 ndi 1695 anafafanizidwa mu 1813, komabe mu 1843 wogulitsa mabuku wina, Thomas Paterson, anatsekeredwa miyezi 15 chifukwa chogulitsa mabuku onyoza chipembedzo. Ndipo mkangano unasamukira m'kati mwa mpingo. Mu 1875, chaka chomwe mpingo wina wa ku Scotland, wotchedwa Free Church, unatumiza sitima ya Ilala pa nyanja ya Malawi n'kuyambitsa mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear, buku la Encyclopaedia Britannica, losindikizidwa ku Edinburgh, linatulutsa nkhani yokhudza Baibulo yolembedwa ndi pulofesa wachinyamata wa mpingo womwewo, William Robertson Smith. Iye anafotokoza kuti mabuku ena otchedwa a Mose analembedwa zaka mazana ambiri Mose atamwalira. Izi sizinali kutali kwenikweni ndi zina mwa zimene Aikenhead ananyongedwera, kusiyana kwake n'kwakuti Smith anali wokhulupirira ndi mtima wonse ndipo ankati kufufuza koteroko sikuchotsa Mawu a Mulungu m'Malembo. Milandu yake inatenga zaka, ndipo mu 1881 anamuchotsa pa mpando wake ku koleji ya Aberdeen. Anapita kukaphunzitsa ku Cambridge. Tsono amishoni oyamba a Livingstonia, ndi a Blantyre amene anafika mu 1876, anachokera kudziko limene linali kulowa mu mkangano woopsa wa momwe Baibulo liyenera kuwerengedwera.

Pasanathe zaka khumi chichotsedwere Robertson Smith, woweruza wina wa ku Edinburgh, Lord Gifford, anasiya chuma chake kuti m'mayunivesite anayi a Scotland muzichitika maphunziro apoyera okhudza Mulungu. Analamula kuti wokamba asafunsidwe za mpingo wake. Akhoza kukhala wa chipembedzo chilichonse kapena wopanda chipembedzo, bola akhale woganiza mozama ndi wofunadi choonadi. Maphunzirowo anayamba mu 1888 ndipo akuchitikabe. Kalembera wa 2022 anapeza kuti anthu 51 pa 100 alionse ku Scotland amati alibe chipembedzo, ndipo mlandu wochitira mwano Mulungu unachotsedweratu m'malamulo a dzikolo mu 2024. Chiboliboli cha Hume chili mumsewu waukulu wa mzinda wakale, moyang'anana ndi St Giles, ndipo chala chake chachikulu cha kuphazi chinachita kuwala chifukwa odutsa amachisisita kuti apeze mwayi. Munthu amene anatha moyo wake akutsutsa zamatsenga wasanduka chithumwa.

Pali tsamba lina la Hume limene wowerenga wa ku Africa sangalidumphe. Mu 1753 anawonjezera mawu a m'munsi pa nkhani yake yokhudza makhalidwe a mitundu ya anthu, n'kunena kuti akuganiza kuti anthu akuda ndi mitundu ina mwachibadwa ndi otsika poyerekeza ndi azungu. Munthu amene ankaphunzitsa dziko kuti lisakhulupirire kanthu popanda umboni wokwanira analemba izi asanapondepo mu Africa, akudalira mphekesera za amalonda ndi eni akapolo. Amene anamuyankha anali James Beattie, pulofesa wa ku Aberdeen, Mkhristu wolimba amene afilosofi ambiri ankamuyesa wosazama. M'buku lake la 1770 Beattie anafunsa kuti Hume anawadziwa liti anthu onsewo kuti awaweruze, anakumbutsa kuti makolo a anthu a ku Britain nawo ankaonedwa ngati osatukuka zaka 2,000 zapitazo, ndipo anati n'kupanda chilungamo kuyembekezera luso la sayansi kwa kapolo amene wamanidwa ngakhale mwayi wophunzira kuwerenga. Pa zambiri zimene anatsutsana, Beattie sanamumvetse Hume. Pa ichi, Beattie ndiye anaganiza monga wafilosofi. Hume anawaonanso mawu ake aja asanamwalire, koma sanawafafanize. Anachotsamo mitundu ina ija n'kusiya anthu akuda okha, ndipo ndi momwe anatulukira m'kope la 1777.

Kalata ya Hume ya 1766 ikusonyezanso kuti anadziwitsa Lord Hertford za mwayi wogula munda wolimidwa ndi akapolo pachilumba cha Grenada. Mu 2020, ophunzira atasainira chikalata chodandaula ndi mawu a m'munsi aja, yunivesite ya Edinburgh inachotsa dzina lake pa nyumba yayitali imene kuyambira m'ma 1960 inkatchedwa David Hume Tower. Tsopano imangodziwika ndi keyala yake, 40 George Square.